Akalulu a ku Golo la Kumpoto

Tadala ndi Mphatso, gawo ili likunena za zaka zimene ndinkasamalira mabwalo a masewera kunja kwa mzinda wa Hamilton. Munali ana, ndipo chimene munkaona n'chakuti masiku ena ndinkachoka pakhomo inu mukukagona, n'kubwera m'mamawa nsapato zitanyowa ndi mame. Ndalemba m'Chichewa dala. Pamene pakuvuteni, kafunseni amayi anu.

Ntchito yoyamba, ku Kasungu

Ntchito yoyamba imene ndinalandirapo malipiro inali ya ulonda pa esiteti ya fodya ndi chimanga ku Kasungu, kufupi ndi nkhalango. Nguluwe zinkatuluka m'nkhalangomo usiku n'kumagwetsa chimanga, choncho mwini esiteti anali ndi mfuti ziwiri zachilolezo, imodzi ya kapitawo, inayo ya mlonda amene kapitawoyo wamukhulupirira. Kapitawo wathu anali a Chimphako, munthu wosalankhulalankhula amene anakhalapo msilikali. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa kugwira mfuti, kuipukuta ndi kudikira osatekeseka. Zipolopolo zinali zosowa, moti ukaphonya unkayenera kukafotokoza m'mawa kuti unaphonya bwanji. Patapita zaka zingapo ndinapita ku Lilongwe, ndinakhala dalaivala wa kampani ya zomangamanga, n'kukwatira amayi anu. Za mfuti ndinaziiwala.

Chaka chimene Mphatso anabadwa

Amayi anu ndiwo anatsogola kubwera ku Canada, atapeza ntchito yosamalira okalamba ku Hamilton. Ine ndi Tadala tinawatsatira pambuyo pake. Ntchito yoyamba imene ndinapeza kuno inali yonyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Mississauga. Ulendo wake unali wa basi ndi sitima, kupita mdima, kubwera mdima, ndipo msana unayamba kundivuta. Tsiku lina pachikondwerero cha Amalawi ndinakumana ndi Che Yusufu, a ku Mangochi, amene ankayendetsa thalakitala pakalabu ina ya masewera. Atamva kuti ndine dalaivala anati, "Achimwene, kwathu akufuna munthu. Ntchito yake ndi ya padzuwa ndi pachisanu, koma makatoni kulibe." Ndinapita Lolemba lotsatira.

Kalabuyo inali ya mamembala okhaokha, osati ya boma. Inali pakati pa minda, ndipo inali ndi mabwalo a mpira wamiyendo ndi limodzi la kiriketi. Kumpoto kwake kunali munda waukulu wa chimanga wa mlimi wina, ndipo pakati pa mundawo ndi bwalo lomaliza panali chiunda chachitali cha dothi chimene chinatsala pamene ankasalaza malowo. Mkulu wosamalira mabwalo anali a Walter, mzungu wachikulire wotsimphina mwendo wakumanzere, amene anagwira pamalopo chiyambire unyamata wawo. Sanandifunse za sukulu. Anandipatsa kiyi wa makina otchetchera udzu n'kuima chapatali kuona mmene ndikhotere pakona. Nditamaliza anangoti, "Ubwere mawa."

Zaka zoyambazo ndinaphunzira kutchetcha, kuthirira, kufesa udzu pamene wathothoka, kujambula mizere yoyera, ndiponso kuchotsa chipale chofewa pamsewu wolowera nyengo yozizira. Zipangizo zinali zakale. Thalakitala ya Che Yusufu inkalira akaikankha, ndipo chaka chilichonse a Walter ankapempha komiti kuti igule waya wotchingira mabwalo, komiti n'kuyankha kuti chaka chamawa.

Waya uja ankafunika chifukwa cha akalulu. Akalulu akuno sakumba mauna akuya. Amangopalasa timaenje tosaya m'kapinga, tina tofunafuna mizu, tina toberekeramo ana, ndipo udzu ukaphimba pamwamba simungadziwe kuti pali dzenje kufikira phazi litalowamo. Kwa munthu woyenda si kanthu. Kwa munthu wothamanga maso ali pampira, kadzenje kotero kamathyola mwendo. M'mawa uliwonse tinkayenda m'mabwalo ndi ndowa za mchenga kukwirira, ndipo m'mawa wotsatira tinkapeza tina. Tinayesa mankhwala onunkha, mvula inkawatsuka. Tinayesa misampha ya waya, ana a mamembala ankaitsegula. Chimene chinatsala chinali kuwombera, ndipo kalabuyo inali ndi chilolezo chochitira zimenezo pamalo pake, usiku, anthu onse atachoka. Amene ankawombera anali a Walter, koma maso awo anali atayamba kufooka.

Tsiku lina tikudya m'shedi, Che Yusufu anawauza kuti ine ndinkawombera nguluwe kwathu. A Walter anaika kapu pansi. "N'zoona?" Ndinavomera. "Nguluwe ndi yaikulu," iwo anatero. "Kalulu ndi wamng'ono, ndipo kuseri kwake nthawi zonse kumakhala chinachake. Upite ukaphunzire, ukatenge layisensi." Ndinapita kumaphunziro, ndinalemba mayeso, apolisi anafufuza mbiri yanga, anafunsanso amayi anu ngati akuvomereza kuti mwamuna wawo akhale ndi chilolezo cha mfuti. Iwo anavomera, koma atabwera kunyumba anati, "Abambo a Tadala, chinthucho chisaponde m'nyumba muno." Sichinapondemo. Chinkakhala m'bokosi lachitsulo lokhoma ku shedi.

Zaka zimene munali ku pulayimale

Ntchitoyo inkayenda motere. Madzulo ndinkaimbira apolisi a m'deralo kuwadziwitsa kuti usiku uno tiwombera. Tinkatseka geti, n'kuyenda m'mabwalo onse kuona ngati kulibe munthu wotsalira, chifukwa nthawi zina tinkapeza achinyamata atabisala kuseri kwa mipando ya oonerera. Kenako tinkakwera kagalimoto kakang'ono ka m'bwalo, Che Yusufu akuyendetsa pang'onopang'ono, dzanja limodzi litagwira tochi ya kuwala kofiira, kumene sikudzidzimutsa nyama. Mfuti yake inali ya mpweya, yamphamvu koma yosasokosera, yoponya kachipolopolo ka mtovu kochepa ngati njere ya mapira. Tochi ikapeza maso awiri akunyezimira, galimoto inkaima, ine n'kuyang'ana m'kagalasi ka pamfuti. A Walter anali ndi lamulo limodzi lokha limene ankalibwereza mpaka kutopetsa: usanayang'ane kalulu, yang'ana chimene chili kuseri kwake, ndipo ngati si dothi, tsitsa mfuti. N'chifukwa chake tinkakonda bwalo la kumpoto. Akalulu ambiri ankachokera m'munda wa chimanga uja, ndipo chiunda chinkagwira chipolopolo chilichonse chophonya.

Sindinganene kuti ntchitoyo ndinkaikonda, komanso sindinganame kuti inkandisowetsa tulo. Inali ntchito. Ndinkayesetsa kuti kalulu afe ndi chipolopolo chimodzi, asavutike. Che Yusufu ankatola n'kuponya m'thumba, koma sankadyako. "Nyama yosazinga, achimwene, ine ayi," ankatero, "koma tochi ndiye ndikugwirirani mpaka kuche." Poyamba ndinkabwera nayo nyamayo kunyumba. Ndinasiya pamene Tadala anatsegula firiji ya m'chipinda cha pansi n'kupeza kalulu wosasenda. Nthawi imeneyo m'kalasi mwake ankaweta kalulu m'khola, ana ankasinthana kumudyetsa. Tadala, unakwera masitepe ukulira, unandifunsa m'Chingerezi ngati ndine amene ndamupha, ndipo nditavomera unakhala masiku osandilankhula. Ndinayesa kukufotokozera za timaenje ndi miyendo ya osewera, iwe unangotseka chitseko. Kuyambira pamenepo nyama yonse inkapita kwa Mayi Tembo, a ku Zambia a kutchalitchi kwathu, amene ankaiwamba n'kugawira anzawo.

Chaka chimene Tadala anapita ku yunivesite

A Walter anapuma pantchito, ndipo komiti inalemba manijala woyang'anira kalabu yonse, Mayi Joanne. Anali munthu wachangu ndi wachilungamo. Ndiwo anatigulira thalakitala yatsopano, ndipo anaonetsetsa kuti tizilandira malipiro a maola a usiku, zimene kale sizinkachitika. Ine anandikweza kukhala mkulu wa mabwalo. Chaka chomwecho mlimi wa kumpoto uja anagulitsa munda wake kwa omanga nyumba. Makina anabwera, chimanga chinatha, ndipo posalaza malo omangapo anadula chiunda chija mpaka kutsala kamtumbira kofika m'mawondo. M'malo mwake anaika mpanda wamatabwa. Nyumba zinaphuka mofulumira, zofanana ngati mazira, ndipo mzere womaliza unayang'anizana ndi golo lathu la kumpoto. Akalulu amene anasowa pokhala m'munda uja anasamukira kwa ife. Ankabisala pansi pa mpandawo masana, usiku n'kutuluka. Timaenje tinachuluka kuposa kale lonse.

Nyumbazo zisanalowedwe tinkawomberabe, mosamala. Koma usiku wina kumayambiriro kwa nyengo yotentha, Che Yusufu anaimitsa galimoto pafupi ndi golo, tochi itapeza kalulu atakhala m'munsi mwa mpanda. Ndinaika diso pakagalasi. Kalulu anali pakati penipeni, ndipo pamwamba pake, pampata wa matabwa awiri, panadutsa kuwala. Ndinakweza mfuti pang'ono kuti ndione. Anali mayi atavala yunifomu ya kuchipatala, atakhala pasitepe ya kuseri kwa nyumba yake, akudya m'mbale, foni ili m'manja. Ayenera kuti anali atangoweruka kumene. Sankadziwa kuti pali anthu m'bwalo. Ndinatsitsa mfuti.

"Wathawa?" anafunsa Che Yusufu.

"Alipo. Koma nyumba ija yalowa anthu."

Anazimitsa tochi. Tinabwerera ku shedi.

M'mawa ndinapita ku ofesi ya Mayi Joanne kukawauza kuti kumpoto sindiwomberakonso. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anandikumbutsa kuti patsala milungu yochepa kuti kalabu ilandire mpikisano wa matimu a atsikana ochokera m'madera osiyanasiyana, ndipo a inshulansi anali atachenjeza kale za maenje. Anati chilolezo chikadali ndi mphamvu, ndipo munthu amene anabwera kudzayendera malowo ananena kuti kachipolopolo kotero sikangaboole matabwa okhuthala chotero.

"Matabwa sangabooke," ndinayankha, "koma ali ndi mipata. Ndiponso kamtovu kakagunda mwala kamapita kumene kakufuna."

"Wagwira ntchitoyi zaka zonsezi. Unayamba waphonyapo mpaka kufika pampanda?"

"Ndinaphonyapo kambiri. Kunali chiunda."

Anapukusa mutu. "Ndikumva zimene ukunena. Koma ngozi ya chipolopolo ndi yongoganizira, pamene ngozi ya maenje tikuiona tsiku ndi tsiku. Ana akuthamanga pabwalo limenelo madzulo ano. Ndisankhe iti?"

Funso limenelo linali loyenera. Ndinapempha kuti atseke bwalo la kumpoto mpaka tipeze waya. Anati mpikisano sungatheke popanda bwalolo, ndipo waya wozungulira malo onse komiti inali itaukana kale. Anandipatsa mpaka Lolemba kuti ndiganize.

Loweruka ndinapita kukaona a Walter kunyumba yosungirako okalamba kumene ankakhala. Ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti anditsimikizira kuti ndachita bwino. Iwo anangoyang'ana pawindo. "Joanne sakunama," anatero. "Mwina ukhoza kuwombera zaka khumi popanda chovuta. Koma ngati wayamba kuona mawindo m'kagalasi, dzanja lako silidzakhazikikanso, ndipo dzanja losakhazikika ndi limene limavulaza anthu. Sindikukuuza chochita. Ine ndinapuma." Usiku umenewo ndinakambirana ndi amayi anu. Tadala anali atangoyamba yunivesite, nyumba tinali tisanamalize kulipira, ndipo tonse tinkadziwa kuti mkulu wa mabwalo wokana ntchito sakhalitsa paudindo. Amayi anu anati, "Mayi uja wa payunifomu akanakhala ine, mukanafuna kuti munthu wa mfutiyo atani?"

Lolemba ndinapereka kiyi wa bokosi la mfuti kwa Mayi Joanne. Anaulandira osakalipa. Anati aitana kampani yochita ntchito zotere, koma kampaniyo inali ndi ntchito zambiri ndipo ikanatha kubwera pakatha milungu iwiri kapena itatu. Pa milungu imeneyo ine ndi Che Yusufu tinkafika kusanache, kuyenda bwalo la kumpoto mzere ndi mzere ndi ndowa za mchenga, n'kubwerezanso masana masewera asanayambe.

Sizinakwanire. Madzulo ena timu ya atsikana a pakalabu pomwepo ikukonzekera mpikisano, mtsikana wina wosewera kumbuyo anathamangira mpira pafupi ndi golo la kumpoto, phazi linalowa m'kadzenje, n'kugwa. Ndinali patali ndikukonza paipi yothiririra, koma kulira kwake ndinakumva. Nditafika ndinapeza phazi litatembenukira kumene silitembenukira. Anali atathyoka pakakolo. Tinamunyamula pakagalimoto kaja, komwe tinkakwera usiku, kupita naye pageti kukadikira ambulansi. Bambo ake anakhala kumbuyo atamugwira mutu. Atachoka ndinabwerera pamalopo. Kadzenjeko kanali katsopano, dothi lake lili lonyowa, pansi pa udzu umene ndinaupondapo ndekha masana omwewo. Ndinakakwirira. Pambuyo pake ndinamva kuti mtsikanayo anamuchita opaleshoni n'kumuika zitsulo, ndipo mwayi umene ankayembekezera wokasewerera yunivesite ina unamudutsa.

Kumsonkhano wa komiti anandiitana. Bambo a mtsikana uja analipo. Sanakweze mawu. Anandifunsa ngati n'zoona kuti ndinakana kuwombera akalulu mbali imeneyo, ndipo ndinati n'zoona. Anafunsa ngati mwana wawo akanavulala ndikanapitiriza kuwombera. Ndinayankha kuti sindikudziwa, koma maenje akanachepa. Kenako anati, "Zikomo posandinamiza," n'kutuluka. Mayi Joanne anauza komiti kuti ndinawadziwitsa pa nthawi yake ndiponso kuti ndinapempha kuti bwalo litsekedwe. Akanatha kusatchula zimenezo, koma anatchula.

A kampani aja atabwera, anabwera ndi galimoto yokhala ndi nsanja yaitali kumbuyo. Wowombera ankakwera pamwamba n'kulozetsa mfuti pansi, kotero kuti kuseri kwa kalulu aliyense kunali kapinga basi. Ndinaima pageti kuwaonerera. Ku Kasungu tinkalondera chimanga titakhala pansanja zamitengo, koma m'milungu yonse ija maganizo amenewo sanandifikire, ngakhale Che Yusufu, ngakhale a Walter. Anthuwo anagwira ntchito yawo mwaukhondo, ndipo mmene ndikudziwira, palibe wa m'nyumba zija amene anavulalapo kapena kudandaula.

Kumapeto kwa nyengo imeneyo komiti inaganiza zopereka ntchito yonse yosamalira mabwalo kwa kampani yakunja. Che Yusufu anatengedwa ndi kampaniyo monga dalaivala wa thalakitala. Udindo wanga unathetsedwa. Tsiku lomaliza Mayi Joanne anandiperekeza mpaka pagalimoto. Anati, "Mpaka lero sindikudziwa kuti pa awirife analondola ndani." Ndinawauza kuti inenso sindikudziwa. Tinagwirana chanza.

Zaka za ku Etobicoke

Ndinakhala miyezi ingapo pakhomo. Amayi anu anawonjezera mashifiti, ndipo Tadala anayamba kugwira ntchito m'sitolo Loweruka ndi Lamlungu, zimene sitinafune kuti zichitike. Kenako ndinapeza ntchito ku kampani yotchetcha mabwalo a masukulu ku Etobicoke. Malipiro anali otsika, ulendo unali wautali, ndipo ndinabwerera kukhala wantchito wamba pansi pa kapitawo wamsinkhu wa mwana wanga. Anali mnyamata waulemu ndithu. Mumzinda kuwombera mfuti n'koletsedwa, choncho maenje tinkangokwirira, bwalo likaipa kwambiri n'kulitseka. Layisensi yanga itatha sindinaikonzetsenso. Ndinagwira kumeneko mpaka mawondo anakana, ndiye ndinapuma.

Chilimwe chathachi

Ku kalabu ija sindinapondekonso mpaka chilimwe chathachi, pamene Mphatso anandiuza kuti timu yake ya Lamlungu, ya anyamata akuluakulu ogwira ntchito, ikasewera kumeneko. Anandipempha kuti ndikaonerere. Malowo asintha. Minda yonse inatha, nyumba zazungulira mbali zonse, shedi yathu anaigwetsa, ndipo m'munsi mwa mpanda tsopano muli waya. Masewerawo anawaika pabwalo la kumpoto. Tinafika msanga, ndipo osewera akuvala nsapato ine ndinayamba kuyenda m'mbali mwa mzere, maso pansi. Kenako ndinalowa m'bwalo. Pafupi ndi pomenyera penate ndinamva kapinga akufewa pansi pa chidendene. Ndinapatula udzu ndi ndodo yanga, ndipo kadzenje kanali pamenepo, kakuya ngati kapu.

Woimbira mpira anali atanyamula kale wezulo kukamwa. Ndinakweza ndodo. Anabwera akuthamanga pang'ono, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndasochera. Ndinamulozera pansi. Anayang'ana, anayang'ananso ine, n'kufunsa kuti ndine ndani. Mphatso anafuula ali pakati pa bwalo kuti ndi bambo ake, ndipo anzake anaseka. Ndowa panalibe, choncho ndinapita pamulu wa mchenga umene unali pakona, ndinadzaza chipewa changa, ndinabwera n'kuthira m'dzenjemo, n'kupondaponda mpaka palimbe. Osewera onse anaima kundidikira. Nditamaliza ndinakutumula chipewa pabondo, ndinachivala, n'kupita kukakhala pabenchi. Mpira unayamba mochedwa pang'ono, ndipo timu ya Mphatso inagonja.